Ulendo wa pa Mseu wa Mtengo ndi Nyali

Mwezi wa December kwathu kuno ndiwo mwezi wa mvula ndi khasu, pamene cimanga cangoturuka m'nthaka ndipo dzuwa limacedwa kulowa. Koma ku New York, mzinda waukuru koposa mizinda yonse ya dziko la United States ku Amereka, mwezi womwewo ndi wa cisanu columa. Dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko madzulo, mitengo imakhala itayoyoka masamba onse, ndipo masiku ena kumagwa cipale cofewa, coyera ngati ufa. M'kati mwa mdima ndi kuzizira kumeneko mumafika zikondwerero ziwiri, zonse za nyali ndi za mphatso: Krisimasi ya Akristu ndi Hanukkah ya Ayuda. M'nyumba zambiri za mumzindawo zikondwerero ziwirizi zimalowera pa khomo limodzi, pakuti atate ndi Myuda ndipo amai ndi Mkristu, kapena amai Myuda ndi atate Mkristu. Nanga m'nyumba yotere munthu angapereke mphatso yotani, osapweteka mtima wa wina? Funsoli lioneka laling'ono, koma maanja ena amabvutika nalo caka ndi caka.

Ayuda oyamba adafika kumeneko caka ca 1654. Adali anthu 23 ocokera ku Recife m'dziko la Brazil, ndipo mudziwo udali udakali m'manja mwa anthu a ku Holland, dzina lace New Amsterdam. Pakati pa 1880 ndi 1924 Ayuda okwana ngati 2,000,000 adaoloka nyanja kucokera ku Russia, ku Poland ndi ku maiko oyandikana nao, kuthawa umphawi ndi mazunzo, ndipo ambiri a iwo adakhazikika ku New York. Lero kunja kwa dziko la Israel kulibe mzinda wina wokhala ndi Ayuda ocuruka ngati umenewu. Makolo ajawo ankakwatirana okhaokha, koma adzukulu ao adaphunzira sukulu pamodzi ndi ana a Akristu, nagwira nao nchito, nakondana nao. Bungwe la Pew Research Center, pofunsa anthu caka ca 2020, lidapeza kuti pa Ayuda 100 a pa banja a m'dzikolo, 42 adakwatirana ndi munthu wosakhala Myuda. Ndipo pa amene adamanga ukwati kuyambira 2010, adali 61 pa 100.

Kuti tiimve bwino nkhaniyi, tiyeni tiyende pa mseu umodzi wochedwa Fifth Avenue, umene umadutsa pakati pa cisumbu ca Manhattan kucokera kumwera kunka kumpoto. Miseu yaing'ono yopingasa imene imaudula imawerengedwa ndi manambala ngati mizere ya m'munda, ndipo munthu akadutsa miseu 20 wayenda mtunda wa mailo imodzi. Ulendo wathu uyambira pa mseu wa 47, nutsirizira pa wa 92.

Pa mseu wa 47 pali masitolo a mphete, ndolo ndi miyala ya diamondi, oundana khomo ndi khomo, ndipo amalonda ambiri a pamenepo ndi Ayuda. M'mazenera mwace mumaoneka timitanda ta golidi, ndi pambali pace tinyenyezi ta nsonga zisanu ndi imodzi, timene Ayuda amaticha Nyenyezi ya Davide. Tiyerekeze agogo aakazi Acikatolika ataima pa zenera lotere, nafuna kugulira mdzukulu wao kanthu kobvala m'khosi. Mtima wao ukokera ku kamtanda, pakuti iwonso adalandira kotere tsiku limene adayamba kulandira Ukaristia. Koma mkamwini wao ndi Myuda, ndipo mwanayo amaphunzira zilembo za Cihebri ku sunagoge. Kamtandako kakafika m'nyumba kadzalankhula, ndipo atate a mwana adzamva ngati kakuwauza kuti mwanayu si wao. Agogo a mbali inayo akatumiza nyenyezi kwa mdzukulu wobatizidwa, amai Acikristu adzamvanso cimodzimodzi. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse: mphatso iri ndi pakamwa.

Tikayenda pang'ono tifika pa Rockefeller Center, pamene pamaimikidwa mtengo wa Krisimasi womveka dziko lonse. Mwambowu udayamba caka ca 1931, nthawi ya umphawi waukuru, pamene anthu omanga nyumba za pamenepo adazika kamtengo kao nakakometsera ndi mapepala ndi zitini. Masiku ano mtengowo kawirikawiri umaposa mapazi 70 msinkhu wace, numakutidwa ndi tinyali tamagetsi tokwana ngati 50,000. Ndipo kuyambira 2007, Krisimasi ikapita, amauceka matabwa amene amaperekedwa ku bungwe la Habitat for Humanity, lothandiza osauka kumanga nyumba. Eklezia sadalamule mtengo wa Krisimasi. Ndi mwambo wocokera ku Germany, ndipo Mkristu wobadwira m'mwambowo amangouona ngati cokometsera nyumba ndi cikumbutso ca ubwana wace. Kwa Ayuda ambiri nkhani nja mtundu wina, pakuti nyumba ya makolo ao inkadziwika ndi kusowa kwa mtengowo, ndipo kuulowetsa kuli ngati kunena kuti tasiya za kwathu. Bungwe lomwe lija lidapeza caka ca 2013 kuti pa Ayuda okwatirana ndi Myuda mnzao, 7 okha pa 100 adali ndi mtengo m'nyumba, koma pa okwatirana ndi a kunja adali 71. Motero mwamuna Waciyuda amene asenza mtengo pa phewa, nakwera nao makwerero kuti akondweretse mkazi wace, wapereka kale mphatso yolemera imene idamlemetsa mtima. Ndipo mkazi wanzeru amadziwa kuiyamika.

Tsidya lina la mseu, moyang'anana ndi nyumba za Rockefeller Center, pali chalichi cacikuru ca St Patrick's Cathedral, cimene cidadalitsidwa caka ca 1879, ndipo ndimo muli mpando wa Arkiepiskopi wa New York. M'katimo anthu amaima pa khola la Betelehemu ndi ana ao. Apa ndi pamene pali gwero la mphatso zathu. Anzeru a kum'mawa adadza ndi golidi, lubani ndi mure; ndipo Nikolasi Woyera, Episkopi wa ku Myra m'zaka za m'ma 300, amakumbukidwa cifukwa adaponya ndalama usiku mobisika m'nyumba ya munthu wosauka wa ana aakazi atatu. Anthu a ku Holland ankamucha Sinterklaas, ndipo dzinali ku Amereka lidasanduka Santa Claus. Koma yang'anitsitsani m'kholamo. Mwana wagonayo ndi Myuda, amene adadulidwa tsiku la cisanu ndi citatu monga mwa lamulo la Mose. Amai Maria ndi Myuda, ndipo Yosefe Woyera ndi Myuda wa banja la Davide. Mkatolika wopeputsa apongozi ace cifukwa ca Ciyuda cao wapeputsa abale a Ambuye wace.

Pa mseu wa 59, pa ngodya ya munda waukuru wa Central Park, pamaimikidwa coikapo nyali ca Hanukkah, cochedwa menorah, ca msinkhu wa mapazi 32. Adacijambula ndi mmisiri Yaacov Agam, ndipo a gulu la Ciyuda la Chabad amakwezedwa ndi makina madzulo kukayatsa nyalizo. Ciri ndi nthambi zisanu ndi zinai: zisanu ndi zitatu za masiku a cikondwerero, ndi imodzi yochedwa shamash, ndiko kunena mtumiki, imene imayatsira zinzace.

Mbiri yace ndi iyi. Caka ca 167 Kristu asanabadwe, Antioko mfumu ya ku Siriya adaletsa cipembedzo ca Ayuda, naipitsa Kacisi wa ku Yerusalemu ndi nsembe zacikunja. Wansembe Matatiya ndi ana ace adaukira mfumuyo, ndipo caka ca 164 Yuda Makabeo adalanditsa Kacisi, namuyeretsa, namanga guwa latsopano, nalipatulira Mulungu pa 25 mwezi wa Kislev. Adalamula kuti cikondwereroco cizicitika masiku asanu ndi atatu caka ndi caka, ndipo liu lakuti Hanukkah litanthauza kupatulira. Pambuyo pace aphunzitsi a Ciyuda adalemba m'mabuku ao a Talmud kuti m'Kacisimo mudapezeka nsupa imodzi yokha ya mafuta oyera, yokwanira tsiku limodzi, koma mafutawo adayaka masiku asanu ndi atatu. Cimene ambiri sacidziwa ndi ici: mabuku awiri a Amakabeo, osimba nkhondoyi, sapezeka m'Baibulo la Ayuda, ali m'Baibulo lathu la Cikatolika. Ndipo Yohane Woyera, pa mutu 10, anena kuti Ambuye Yezu adali kuyenda m'Kacisi, m'khonde la Solomoni, pa cikondwerero comweci, nyengo ya cisanu. Tsono Mkatolika wogulira mkamwini wace bokosi la makandulo a Hanukkah sadalakwire cikhulupiriro cace. M'bokosilo mumakhala makandulo 44, pakuti usiku woyamba amayatsa imodzi pamodzi ndi mtumiki uja, usiku waciwiri awiri ndi mtumiki, ndi kuonjezera cotero kufikira usiku wotsiriza.

Komabe tisamanene kuti Hanukkah ndiyo Krisimasi ya Ayuda; mau amenewo eni ace sawakonda. Masiku ao aakuru ndi ena: Paska, tsiku loyamba caka la Rosh Hashanah, ndi tsiku la kusala la Yom Kippur. Pa Hanukkah anthu amapita ku nchito monga masiku onse. Kale ana ankangolandira tindalama tocepa tochedwa gelt, nasewera ndi nguli ya mbali zinai yochedwa dreidel, nadya zokazinga m'mafuta, monga zitumbuwa za mbatata ya kacewere zochedwa latkes, pokumbukira nsupa ija. M'zaka za m'ma 1920 opanga maswiti ku Amereka adayamba kuumba tindalama ta cokoleti tokutidwa ndi pepala lonyezimira. Mphatso zazikuru zidadza makamaka itatha nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, pamene makolo Aciyuda adaona ana ao akusirira za anzao Acikristu. Taonani kudabwitsa kwace: cikondwerero cokumbukira anthu amene adakana kumizidwa ndi miyambo ya mitundu ina ndico cidayamba kubvala zobvala za Krisimasi. Ncifukwa cace Ayuda ambiri amacisunga mocenjera.

Amalonda adapezerapo mwai. M'masitolo mumagulitsidwa Nyenyezi ya Davide yoika pamwamba pa mtengo, ndi makhadi osakaniza zizindikiro za mbali zonse. Ndipo sewero lina la pa wailesi ya kanema lidafalitsa caka ca 2003 dzina lakuti Chrismukkah, lolumikiza maina awiriwo. Caka ca 2004 bungwe la Catholic League ndi la New York Board of Rabbis adaturutsa pamodzi mau otsutsa cisakanizoco, ponena kuti cinyoza zipembedzo zonse ziwiri. Nzoona kuti masiku ace amayandikana. Ayuda amawerenga miyezi yao potsata mwezi wa kumwamba, motero Hanukkah imasuntha: caka ca 2013 idayamba madzulo a 27 November, koma ca 2024 kandulo yoyamba idayatsidwa madzulo a 25 December penipeni. Ngakhale zikumane tsiku limodzi, cina cimakumbukira kuyeretsedwa kwa Kacisi, cina kubadwa kwa Mwana wa Mulungu, kumene Myuda sakubvomera. Wozisakaniza amalanda mbali zonse ziwiri cinthu cao.

Pa mseu wa 65 tipeza Temple Emanu-El, sunagoge wamkuru womalizidwa caka ca 1929, wokhoza kulandira anthu 2,500. Apa tifunse funso limene liri pansi pa mphatso zonse: mwana ngwa yani? Lamulo lakale la Ciyuda limati mwana amatsata amai ace, monga umo Acewa amawerengera mbumba. Wobadwa kwa mkazi Waciyuda ndiye Myuda. Caka ca 1983 Ayuda a gulu la Reform, limene sunagogeyu ali m'menemo, adabvomera kuti mwana wa atate Aciyuda awerengedwenso, akaleredwa m'Ciyuda. Kumbali kwathu, Mkatolika sangamange ukwati ndi munthu wosabatizidwa popanda cilolezo ca Ambuye Episkopi, ndipo amalonjeza kusunga cikhulupiriro cace ndi kucita zonse zimene angathe kuti ana abatizidwe ndi kuleredwa mu Eklezia. Kuyambira 1970, mwa lamulo la Papa Paulo VI, mnzaceyo sakakamizidwa kulonjeza zotere, koma ayenera kuuzidwa poyera lonjezo la Mkatolika. Mukuona tsono kuti mwana mmodzi ayembekezedwa ndi mbali ziwiri. Mlandu umenewu ngwolemera, ndipo eni ace ndi mwamuna ndi mkazi. Ayenera kuukamba masana, ukwati usanamangidwe, mothandizidwa ndi wansembe ndi rabi. Sungaweruzidwe ndi agogo kudzera m'phukusi la December. Eklezia yemwe saloleza kuti mwana abatizidwe popanda cilolezo ca mmodzi wa makolo ace, kupatula pa ngozi ya imfa. Nanga phukusi lingakhale ndi mphamvu imene Eklezia sadzipatsa?

Pafupi pomwepo, pa mseu wa 67 ca kum'mawa, pali Park East Synagogue, m'mene Papa Benedikto XVI adalowa pa 18 April 2008, Paska wa Ayuda ali pafupi. Eni nyumba adampatsa mbale ya cakudya ca Paska, ndipo iye adawapatsa cifanizo ca buku lakale la Cihebri losungidwa ku Vatican. Papa sadaleke kukhala Papa tsikulo, koma adasankha mphatso imene olandira akadaisunga mokondwa. Adatsata njira ya Msonkhano Waukuru wa Vatican II, umene pa 28 October 1965, m'kalata yochedwa Nostra Aetate, udaphunzitsa kuti mlandu wa imfa ya Kristu sungaikidwe pa Ayuda onse a nthawi ijayo kapena pa Ayuda a lero, nudzudzula cidani ciri conse cocitira Ayuda. Ndi njira yomwenso adayendamo Papa Yohane Paulo II, amene pa 13 April 1986 adalowa m'sunagoge wa ku Roma, nacha Ayuda akuru athu.

Ulendo wathu utsirizira pa mseu wa 92, pa Jewish Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale za Ayuda. M'menemo muli zoikapo nyali za Hanukkah zoposa 1,000, zina za siliva, zina za mkuwa, zocokera ku maiko ambiri. Zinthu zina za m'nyumbayi zidatumizidwa ndi Ayuda a ku Danzig caka ca 1939, ataona kuti ngozi yayandikira; zina zidatoledwa ku Ulaya nkhondo itatha, eni ace atatha kufa, pakuti boma la Hitler lidapha Ayuda okwana 6,000,000. Mazunzo sadayambe ndi Hitler iai. Pa Paska wa Akristu wa caka ca 1903, ku Kishinev, khamu la anthu lidapha Ayuda 49, ndipo makolo a anthu ambiri a ku New York adathawa zoopsa zonga zimenezo. Ife tikaona mtanda timaona cikondi ca Mpulumutsi. Agogo Aciyuda akauona m'khosi mwa mdzukulu wao angathe kukumbukira zitseko zoswedwa usiku. Ndipo akamawerenga adzukulu ao, amawerenga monga munthu wowerenga mbeu zotsala moto utatentha nkhokwe. Wodziwa zimenezi sadzafulumira kunena kuti apongozi ace ngouma mtima.

Tsono m'nyumba za anthu ocenjera mumaperekedwa ciani? Mwambo wao ngwapafupi. Ali yense amathandiza mnzace kusunga tsiku lace, monga mlendo woitanidwa ku phwando, amene adya nakondwera, koma adziwa kuti phwandolo liri ndi mwini wace. Mkazi Wacikatolika amagula makandulo ndi mafuta, naphunzira kwa apongozi ace kukazinga latkes. Mwamuna Waciyuda amasunga khanda kuti mkazi wace apite ku Misa ya pakati pa usiku, kapena amamperekeza nakhala cete pa mpando. Ayuda ena amapempha kugwira nchito m'zipatala tsiku la Krisimasi kuti anzao Acikristu akhale ndi ana ao. Mphatso za ana zimakulungidwa padera, za Hanukkah m'pepala loyera ndi la mtundu wa thambo, za Krisimasi m'lofiira ndi lobiriwira, kuti mwana adziwe ca kucimuna ndi ca kucikazi. Cinthu ca cipembedzo, kaya korona, kaya mendulo, kaya nyenyezi, siciperekedwa kwa mwana makolo ace asanafunsidwe. Wotumiza cakudya amakumbukira kuti Myuda wosunga mwambo sadya nkhumba, ndiponso sasakaniza nyama ndi mkaka. Cifukwa cace amayang'ana pa paketi cizindikiro ca cakudya cololedwa, cimene amati kosher, monga cilembo U cozingidwa ndi mzere. Zobvala zofunda, ndi mabuku a nkhani za Abrahamu, Yosefe ndi Mose, zimene mbali zonse zimawerenga, sizikhumudwitsa munthu. Maanja ena amapatula usiku umodzi mwa asanu ndi atatu aja, pamene ana salandira kanthu, koma amasankha okha cimene apereke kwa osauka. Ayuda amacha nchitoyi tzedakah, ndiko kunena cilungamo. Ife timaicha nchito ya cifundo, ndipo ndiyo imene Nikolasi Woyera adacita usiku uja.

Kwathu kuno Ayuda ngosowa, koma maanja a zipembedzo ziwiri alipo m'midzi yambiri, makamaka kumene Akristu ndi Asilamu amatunga madzi pa citsime cimodzi. Mkatolika wotumiza nkhuku yamoyo kwa alamu ace Acisilamu pa tsiku lao la Idi, kuti aizinge okha monga mwa mwambo wao, wacita zomwe acita mkazi uja wa makandulo. Akuru adati apao ndi mizu ya kacere, akomana pansi. Adatinso kupatsa nkuika. Tsono abale, musanamange phukusi mwezi uno, dzifunseni kuti likafika lidzanena ciani. Ndipo ngati mau ace simungathe kuwanena inu nokha pamaso pa mwini nyumba, musalitumize.